Laputopu ya geni: bola yakale yolimba kusiyana ndi yatsopano yotchipa



Sabata ino yokha anthu atatu anditumizira uthenga wofanana: "Mayi, ulendo uno mukapita ku Joni mukandigulireko laputopu, koma yabwino ndi iti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilemba pano kamodzi. Ine si katswiri wa makompyuta. Zimene ndikudziwazi ndinaziphunzira ndi ndalama yanga ya mpamba, ndipo fizi yake inali yowawa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena atsutsa. Kwa ife a geni yodutsa maboda, laputopu yakale imene inkagwira ntchito m'maofesi a makampani imaposa yatsopano yotchipa ija imawala m'mashopu akuluakulu. Mtengo wake nthawi zambiri umayandikana, koma ntchito yake ndi yosiyana kutalitali.

Tiyambe ndi funso limene wogulitsa sadzakufunsani: kodi mukuifunadi? Ngati geni yanu ndi kujambula katundu, kuika pa status, kulandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kulemba m'kope, foni ikukwanirani. Ndalama ya laputopuyo kaonjezereni mabulangete. Palibe manyazi pamenepo. Laputopu imayamba kufunika pamene anthu a ngongole achuluka moti kope layamba kukusokonezani, pamene sukulu kapena shopu ikufuna quotation ndi invoice yolembedwa bwino isanakupatseni oda, pamene mukulimbana ndi mafomu a Msonkho Online pa kasikirini ka foni mpaka maso kuwawa. Kwa ine chimene chinanditsegula maso ndi November 2023, kwacha itagwa ndi 44%. Mnzanga amene ankasunga mitengo yake mu Excel anangosintha nambala imodzi, ya mtengo wa rand, ndipo mitengo ya katundu wake yense inasintha yokha. Ine ndinachezera masiku awiri ndi kope ndi calculator, ndipo katundu wina ndinamugulitsabe pa mtengo wakale osazindikira. Ngati mwafika pamenepo, pitirizani kuwerenga.

Yanga yoyamba ndinaigula mu shopu ina yaikulu ku Joni. Inali pa special, yatsopano ya m'katoni, yasiliva, sikirini yaikulu, ndipo mnyamata wogulitsayo anandiuza kuti pa ntchito zanga ikwanira. Ndinaibweretsa kunyumba ngati mkwatibwi. Mwezi woyamba zinali bwino. Kenako inayamba kuchedwa. Kuyatsa m'mawa, ndinkatha kuteleka madzi a tiyi mpaka kuwira iyo isanamalize kudzuka. Kutsegula WhatsApp Web pamodzi ndi Excel, inkangouma gwa. Kenako inayamba kudandaula kuti malo atha, chonsecho munalibe mafilimu, munalibe nyimbo, zithunzi za nsapato ndi mapoto basi. Tsiku lina kasitomala wamkulu ankadikira quotation kuti aipereke kwa abwana ake asanaweruke, ine ndili pamenepo kuyang'ana kanthu kozungulira pa sikirini. Oda ija inapita kwa wina.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe kuti aionjezere mphamvu. Anaitsegula, anayang'ana, n'kuseka pang'ono mwaulemu. Anati amayi, muno mulibe choonjezera. RAM ndi ya 4GB ndipo anaiwotcherera pa bodi, sichoka. Posungira zinthu ndi pa 64GB, mtundu umene amati eMMC, wofanana ndi wa m'mafoni otchipa, nawonso ndi wowotcherera, ndipo Windows payokha yadya kale gawo lalikulu. Injini yake, imene amati processor, ndi Celeron, ya m'munsi kwenikweni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Patapita miyezi ingapo hinji imodzi inathyoka m'chikwama, pulasitiki yake inali yopyapyala ngati ya beseni la pa msika. Ndinaipereka kwa mwana kuti aziphunzirirapo kutaipa.

Mnyamata yemweyo ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga manambala, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mudekhe, chifukwa ambiri timabetsa pamenepa.

Ogulitsa amadziwa kuti ife timangodziwa kuti i7 ndi yaikulu kuposa i5, i5 ndi yaikulu kuposa i3. Ndiye amakuwa kuti "Core i7, Core i7" ife n'kuthamangira. Koma injinizi zili ndi mibadwo, imene iwo amati generation kapena gen. Muziyang'ana nambala imene ili kutsogolo kwa kamzere. Ikalembedwa i5-8350U, nambala yoyamba ndi 8, ndiye kuti ndi gen 8. Ikalembedwa i5-10210U ndi gen 10. Ikalembedwa i5-1135G7 ndi gen 11. Koma ikalembedwa i7-3520M, imeneyo ndi gen 3, ya m'chaka cha 2012. Ndi i7 inde, koma ndi gogo, ndipo i5 ya gen 8 imaisiya kutali. Zili ngati munthu akukugulitsani basi n'kumangoti ndi Scania, osakuuzani chaka chake.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pa gen 8 si mphamvu yokha. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, kutanthauza kuti zigamba zotseka mipata ya akuba a pa intaneti sizibweranso mwa nthawi zonse monga kale. Windows 11 nayo, mwa lamulo la eni ake, imafuna Intel ya gen 8 kupita m'mwamba, kapena, pa malaputopu, AMD Ryzen ya 3000 kupita m'mwamba. Ife timalowa m'maakaunti a ku banki pa makina amenewa, timasungamo makope a pasipoti ndi manambala a TPIN. Si malo ochitira masewera. Ndipo chenjerani, pali njira zokakamizira Windows 11 kulowa m'makina akale, ndipo ogulitsa ena amachita zimenezo. Kuona Windows 11 pa sikirini si umboni kuti makinawo ndi a posachedwa. Sitika ya pafupi ndi kiyibodi nayonso si umboni, masitika amagulitsidwa. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager, pitani pa Performance. Pamenepo makina amanena okha zoona: dzina lonse la injini, kukula kwa RAM, ndiponso ngati posungira zinthu ndi SSD kapena HDD.

RAM isachepere 8GB. Mukapeza 16GB pa mtengo woyandikira, tengani. Apa sinditalikitsa.

Pa SSD ndi HDD ndiimapo pang'ono, chifukwa pali msampha wina. Wogulitsa akuuzani kuti iyi ili ndi 1TB, iyo ili ndi 256GB yokha, inu n'kuona ngati ya 1TB ndiye yapamwamba. Kawirikawiri 1TB yotchipayo ndi HDD. M'kati mwa HDD muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga, ndiye imachedwa, komanso sigwirizana ndi mabampu. Ife moyo wathu ndi wa m'basi, misewu yake mukuidziwa. SSD ilibe chozungulira, imayaka mwachangu, ndipo kugwedezeka sikuiopsa. Pa ntchito ya ma invoice, Excel ndi zithunzi za katundu, SSD ya 256GB ndi yokwanira. Amene akufuna kusunga mafilimu agule hard drive yapadera.

Tsono makina a m'maofesi amene ndikunenawa ndi ati? Kwa Lenovo ndi ThinkPad, kwa Dell ndi Latitude, kwa HP ndi EliteBook kapena ProBook. Makampani akuluakulu amagula amenewa ambirimbiri, amagwiritsa ntchito zaka zingapo, kenako n'kuwagulitsa onse pamodzi, ndiye amadzaza m'mashopu a zogwiritsidwa kale ntchito ku Joni, ku Kariakoo, ku Lusaka mpaka kwathu kuno. Zitsanzo za gen 8 zimene zimapezeka kwambiri ndi ThinkPad T480, Latitude 7490 ndi EliteBook 840 G5, onse a cha m'ma 2018. Anawapanga kuti azinyamulidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu osasamala chifukwa si awo. Mahinji ake ndi achitsulo, kiyibodi yake ndi yolimba, amatseguka ndi sikuludiraiva wamba, RAM ndi SSD zimasinthika. Ndipo poti ndi ochuluka, batire, chaja, sikirini ndi kiyibodi zake sizivuta kupeza kwa okonza a ku Limbe, Lilongwe kapena Mzuzu. Mfundo imeneyi kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Laputopu imene zipangizo zake zimapezeka ku Joni kokha, ikafera ku Karonga yafa basi.

Ine ndili ndi ThinkPad yakuda, yosaoneka bwino, yokalika pa ngodya. Mwana wanga amati ikuoneka ngati ya ku polisi. Yadutsa pa Mwanza, Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge maulendo amene ndinasiya kuwerenga, ndipo chimene ndinasinthapo ndi batire lokha.

Batire ndiye chilema chenicheni cha makina akale, sindibisa. Wogulitsa aliyense amati limakhala maola anayi. Musamve zapakamwa. Pa malo osakira a Windows lembani cmd, patseguka bokosi lakuda, mulembemo powercfg /batteryreport n'kudina Enter. Ikuuzani pamene yaika lipoti, mulitsegule. Muona manambala awiri: Design Capacity, mphamvu imene batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene latsala nayo lero. Lamulo langa ndi lakuti ngati yachiwiriyo yatsika kufika cha pa theka, mtengo wa batire latsopano uchoke pa mtengo wa laputopu, apo ayi ndapita. Muonenso pansi ndi pa touchpad ngati patukuka, chifukwa batire lotupa limakankha kuchokera m'kati ndipo ndi loopsa. Ndi mmene magetsi amavutira m'chigawo chathu chino, anzathu a ku Zambia akukumbuka 2024 madzi atachepa ku Kariba, laputopu yopanda batire labwino ndi TV chabe. Ubwino wina wa makina atatu ndatchula aja ndi wakuti amatha kutchajidwa pa USB-C. Mukakhala ndi power bank yamphamvu, ya 65W, mutha kumaliza ntchito magetsi atazima kapena muli pa mzere wa pa boda. Power bank wamba ya foni siikwanitsa, musadzati sindinanene.

Chachiwiri choopsa pa makina akale ndi maloko. Pali pasiwedi ina ya m'kati mwenimweni, ya BIOS, imene ngakhale mutafufuta Windows yonse imatsalabe. Muzimitse makina, muyatsenso, ndipo ikangoyamba kuyaka dinani F1 ngati ndi ThinkPad, F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP. Ikafunsa pasiwedi, wogulitsa aichotse inu mukuona. Akayamba nkhani zoti bwerani mawa, isiyeni. Pali ena amene kampani yake yakale sinawamasule m'kaundula wake, ndiye tsiku limene mudzaikenso Windows n'kulumikiza intaneti, padzatuluka dzina la kampani ya eni ake kufuna imelo ya wantchito wawo. Choncho ilumikizeni ku hotspot ya foni yanu muli m'shopu momwemo, mulowe mu Settings, Accounts, muone pa Access work or school ngati palibe dzina la kampani, ndipo wogulitsa alembe pa lisiti kuti loko wotere akadzatuluka adzakusinthirani. Za MacBook yakale, ngati mwini wake sanatulutsemo akaunti yake ya iCloud, mwagula thireyi yoperekera tiyi. Kwa ife a geni sindiilimbikitsa n'komwe, kukonzetsa kwake ndi kodula.

Zotsalazo ndi za maso ndi manja. Tsegulani Notepad mudine batani lililonse, limodzilimodzi, osachita manyazi ngakhale wogulitsa akuyang'ana wotchi. Tsegulani tsamba loyera mbee muone madontho ndi mizere pa sikirini. Yesani kamera, sipika ndi mabowo onse a USB ndi flash yanu. Tsekani n'kutsegula chivindikiro kangapo mumve hinji. Isiyeni ikusewera vidiyo ya pa YouTube mphindi 15 mumve ngati fani ikulira ngati chigayo kapena pansi pakutentha mopitirira. Mphindi 30 zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi miyezi imene mwakhala mukuponya ku banki m'khonde kuti ndalamayo ikwane.

Tinthu tiwiri timene ife odutsa maboda tokha timakumana nato. Koyamba ndi pulagi. Ya ku South Africa ndi ya mano atatu obulungira akuluakulu, pamene soketi za ku Malawi ndi za mano atatu a makona ngati za ku Britain. Musadule waya, ingogulani chingwe chochokera kukhoma kupita pa chaja, chimachoka pachokha ndipo n'chotchipa. Koma chajayo ikhale yeniyeni ya kampani yake, yolemera m'manja, chifukwa zopepuka zabodza zija zimapha batire. Kachiwiri ndi kiyibodi. Zogula ku Mozambique zambiri ndi za Chipwitikizi, zochokera ku Dubai zina zili ndi zilembo za Chiarabu, za ku Japan zili ndi mabatani oonjezera. Zimagwira ntchito, koma mudzasaka @ mpaka thukuta, ndipo podzaigulitsa anthu adzakutsitsani mtengo.

Tsopano kwa otsutsa. Ena ati yatsopano ili ndi waranti. Zoona, ndipo lamulo la ku South Africa loteteza ogula limapereka miyezi 6 yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto. Koma waranti imeneyo imakhala kumene munagula. Inu muli ku Mzuzu, shopu ili ku Joni, pakati pali maboda atatu ndi tikiti ya basi. Mukaisiya kuti aikonze, mudzaitenga ulendo wotsatira, mwezi wathunthu mulibe chogwirira ntchito. Komanso kuchedwa kwa makina si vuto limene waranti imalandira. Adzakuuzani kuti ikugwira ntchito monga anaipangira, ndipo adzakhala akunena zoona.

Ndisanamizidwe kuti ndimadana ndi zatsopano. Ngati thumba likulola kugula yatsopano ya i5 kapena Ryzen 5 ya posachedwa, RAM 8GB kapena 16GB, SSD 512GB, gulani, mudzasangalala nayo, ndipo batire lake lidzaposa la yanga. Mkangano wanga uli pa yatsopano ya mtengo wa pansi, ya Celeron ndi 4GB, imene imagulidwa chifukwa cha katoni ndi fungo la chatsopano. Ndipo amene ana akukukakamizani kuti mugule ya gaming, ya magetsi amitundumitundu pa kiyibodi, dziwani kuti akufuna yawo, osati yanu. Ndi yolemera, chaja chake chokha ngati njerwa, batire silichedwa kutha. Ya mainchesi 14 ndiye saizi ya munthu wa paulendo, imalowa m'chikwama cha m'manja.

Ena ati makina akale ambiri ndi obedwa. Alipo obedwa, n'chifukwa chake sitigula pa msewu. Munthu akakutsatirani pafupi ndi Park Station ndi laputopu m'jumbo, yopanda chaja, pa theka la mtengo, mukudziwa kale kumene yachokera. Mukagwidwa nayo pa rodibuloko mlandu ndi wanu, ndipo pasipoti imene imadyetsa ana anu ili pa chiswe. Gulani mu shopu yokhala ndi chitseko ndi dzina, imene mudzaipeze pomwepo mwezi wamawa. Lisiti likhale ndi dzina la shopu, tsiku, mtengo weniweni ndi serial number, ndipo nambalayo muifananize ndi imene ili pansi pa makina. Lijambuleni pa foni. Pa boda musaibise m'kati mwa mabulangete, ionetseni pamodzi ndi lisiti lake. Ndipo ikakhala yanu yogwiritsa ntchito imene mumayenda nayo uku ndi uku, chithunzi cha lisiticho chimakupulumutsani ku mafunso oti mwaigula ulendo uno.

Pali mfundo imodzi imene otsutsa amandigonjetsa nayo, ndipo ndivomera. Kwa munthu amene sayenda, kugula kwathu konkuno kwa wogulitsa wokhala ndi shopu kumaposa kutumiza munthu ku Joni, ngakhale mtengo utakwererapo. Mumaiyesa nokha, ikavuta mawa mumabwerera pa minibasi. Ndinagulirapo mlamu wanga laputopu, yabwinobwino, ndinaiyesa zonse ndatchulazi. Patatha milungu itatu sikirini inayamba mizere. Kaya inagwa, kaya inali ndi vuto lobisika, palibe anavomera. Mpaka lero pa maliro ndi pa maukwati timapatsana moni wa m'mano. Phindu limene ndinapeza pa ulendo umenewo silikufika pa chibale chimene chinaonongeka.

Mukagula, isamaleni ngati pasipoti. Isalowe mu buti kapena mu ngolo ya basi pamodzi ndi katundu, kumene anyamata amapondapo pomanga zingwe. Ikhale pamiyendo panu. Potsika pa Beitbridge kukadinditsa, chikwama chitsike nanu, mpando sulondera katundu. Muziizimitsa kwathunthu musanaiike m'chikwama, osangotseka chivindikiro, chifukwa ikadzuka yokha m'katimo ndi kutentha kwa ku Tete kuja ipsa. Ikani pasiwedi polowera. Ndipo kaundula wa ngongole ndi mitengo asakhale mu laputopu mokha. Akaunti ya Gmail imabwera ndi malo aulere a 15GB pa Google Drive, ikani mafailo anu a geni kumeneko. Laputopu ikabedwa mudzalira ndalama ya laputopu, koma mayina a anthu amene ali ndi ndalama zanu mudzawapeza pa foni tsiku lomwelo. Amene mulibe ndalama ya Microsoft Office musalole kuikiridwa mapulogalamu obedwa amene amabwera ndi mavairasi. LibreOffice ndi yaulere, Google Sheets ndi yaulere, zonse zimatsegula mafailo a Excel.

Kwa atatu munanditumizira uthenga aja, yankho langa ndi ili. Ndikunyamuka Lachiwiri. Ndikugulirani pokhapokha tikagwirizana kuti ndikakhala mu shopu tiimbirana vidiyo, muone nokha Task Manager ndi lipoti la batire, munene nokha kuti tengani, lisiti lilembedwe m'dzina lanu, ndipo za pa boda ndi zanu. Ikadzavuta tikafika, ndidzakulozerani kwa wokonza, koma ndalama sindibweza. Amene zamuvuta, ndimuperekeza kwa ogulitsa a konkuno ndikabwerako, tikaiyesere limodzi.